Alamu ya trip circuit ikulira breaker ikakhala off, vuto lili pati?

Wofunsa: Akuluakulu a zamagetsi, ndithandizeni kuwerenga drawing. Ndi breaker ya 11kV pa feeder, batire ya 110V DC. Ikakhala on zonse zili bwinobwino, koma ikangotripa alamu ya 74 (relay yoyang'anira trip circuit) imabwera, ndipo sichoka mpaka tiyatsenso. Chinanso, papepala 52a (contact yothandizira ya pa breaker) yajambulidwa yolekana. Ndiye trip coil, yomwe imatripitsa breaker, ilandira bwanji moto?

Yankho 1: Achimwene, drawing imajambulidwa breaker ili off, ma relay onse alibe moto. N'chifukwa chake 52a ikuoneka yolekana. Breaker ikakhala on, 52a imalumikiza, contact inzake ya 52b imalekana. Ikani chala pa positive muzitsika nayo: fyuzi, link, contact ya relay ya 50/51 (yotripitsa moto ukachuluka) kapena ya 86 ngati pali lockout (yoletsa kuyatsanso breaker), kenako 52a, coil, mpaka negative. 52a anaiika pamenepo kuti idule moto breaker ikangotripa. Contact ya relay singathe kudula DC ya coil, imapsa, ndipo coil nayo imapirira moto kwa kanthawi kochepa chabe.

Yankho 2: Vuto lanu ladziulula kale, bwana. 74 imadutsitsa kamoto ka ma milliamp ochepa m'coil, kosakwana kutripitsa. Breaker ili on, kamotoko kamadzera pa 52a. Ili off, kamadzera pa 52b ndi resistor. Poti alamu kulibe ili on, ndiye kuti fyuzi, coil ndi negative n'zabwino. Zatsala ndi 52b, resistor ndi mawaya ake.

Tengani permit yogwirira ntchito, breaker muikokere pa test position (yolekana ndi 11kV koma mawaya a control akadali olumikizidwa). Mita pa DC volts, waya wakuda pa negative, wofiira muziyenda naye terminal ndi terminal potsata manambala a pa ferrule (tizizindikiro ta kumapeto kwa mawaya). Pomwe volteji yasowa mwadzidzidzi n'kufika pa ziro, m'pomwe paduka. Kenako chotsani mafyuzi onse awiri, masulani mwendo umodzi wa resistor, muyeze ma ohm. Yang'anitsitsaninso mapini a pulagi ya secondary (yolumikiza mawaya a control ku breaker), amakonda kubwerera m'kati osaoneka.

Chonde musaike jampa pa resistor kuti alamu ikhale chete. 86 ikatripa imakhalabe yolumikiza mpaka munthu aichite reset, ndiye 110V yonse idzadzera pa 52b n'kuwotcha coil.

Yankho 3: Musanamasule kanthu, onani ngati nthambi ya 52b ilipodi pa drawing. Mapanelo ena amayang'anira coil breaker ili on pokha, ndipo pamenepo alamu imayenera kutsekerezedwa mu logic breaker ikakhala off. Alamuyo izikhalanso ndi delay, ambiri amaika 400ms, kuti isalire nthawi imene ma contact akusinthana. Mukadali pomwepo yezani coil: ya 250W pa 110V izionetsa pafupifupi ma ohm 48. IEC 62271 (muyezo wapadziko lonse wa zida ngati ma breaker) imafuna kuti coil ya DC itripitse ngakhale pa 70% ya volteji, kutanthauza 77V.

Wofunsa: Zikomo madala. Nthambi ya 52b ilipo, ndipo resistor ikuonetsa OL pa mita, kutanthauza kuti yaduka. Ndiike ina iliyonse?

Yankho 2: Ayi. Ma ohm ndi ma watt ake muwatenge pa drawing kapena m'buku la relay yomwe ili pa panelo, malinga ndi 110V yanuyo. Ma ohm akachepa, coil imatentha 86 ikagwira. Akachuluka, 74 siona moto ndipo alamu sichoka. Ma watt akachepa, resistor ipsanso. Mukaika, yesani breaker ili on komanso ili off, kenako masulani waya umodzi wa coil, mutsimikize kuti alamu ikubwera ponse pawiri.