Ku Guangzhou: akachisi ndi misika ya usiku, tsiku limodzi lingakwane?

NaPhiri wa ku Limbe:
Abale, mwezi wamawa ndinyamuka pa Chileka kudzera ku Addis Ababa, ulendo wa ku Guangzhou, ku China, kukaoda katundu. Ndikhala ndi tsiku limodzi lopuma. Ndikufuna kuona akachisi a Chibuda ndi a Chitao, madzulo ndikadye ku msika wa usiku. Ndiyambire pati? Mkhristu amaloledwa kulowa? Nanga kumsikako amalipira bwanji?

Mkulu wa pa Chichiri:
Mayi, likwana bola mulawirire, chifukwa akachisi ambiri amatseka cha m'ma 5 koloko madzulo. Kwerani sitima yapansi ya Line 1, mutsike pa Ximenkou. Pafupi pomwepo pali Guangxiao, kachisi wakale kwambiri mumzindamo. M'menemo ndi momwe Huineng, mphunzitsi wamkulu wa Chibuda cha Chan, anametedwa mu 676, ndipo pali kansanja komwe amati panakwiriridwa tsitsi lake. Mukachoka apo yendani wapansi kupita ku Liurong, wa mu 537. Nsanja yake ndi yotalika pafupifupi mamita 57. Kunja mumawerenga nyumba zosanjikizana 9, koma m'kati zilipo 17.

Wa Chitao ndi Sanyuan, m'munsi mwa phiri la Yuexiu. Kusiyanitsa n'kosavuta: amonke a Chibuda amameta mpala ngati aja mumawaona ku Amitofo Care Centre ku Mapanga, pomwe ansembe a Chitao amasunga tsitsi n'kulimanga pamwamba pa mutu, mikanjo yawo kawirikawiri yabuluu woderako.

Funsani pa hotelo ngati tsikulo si la 1 kapena la 15 pa kalendala yawo ya mwezi. Masiku amenewo opemphera amadzaza, utsi wa lubani umachita kuwawa m'maso.

NaBanda wa ku Chilomoni:
Achemwali, pakhomo palibe amene adzakufunseni za mpingo wanu. Kuyatsa lubani kapena kugwada si lamulo. Mlendo angathe kungoyenda mwakachetechete n'kumaona. Chomwe amafuna ndi ulemu.

Valani zobisa mapewa ndi mawondo, chitenje m'chikwama chimathandiza. Nyumba ikakhala ndi makomo atatu, lowerani la m'mbali, lapakati musiye. Pansi pa khomo pamakhala thabwa lokwera ndithu: lilumpheni, osaliponda, osakhalapo popuma. Alendo ambiri amalakwa pamenepa chifukwa limaoneka ngati sitepe. Musadutse kutsogolo kwa munthu amene wagwada, ndipo musaloze ziboliboli ndi chala. Pabwalo jambulani momasuka, koma m'nyumba zopemphereramo yambani mwaona chikwangwani, popeza malo ambiri amaletsa. Pozungulira nsanja, ikhale kudzanja lanu lamanja.

Mukaona munthu wovala ngati mmonke kunja kwa mpanda akukupatsani kachibangili kapena kakhadi kagolide, musalandire. Mukangogwira ayamba kupempha ndalama. Chopereka chenicheni chimaponyedwa m'bokosi m'kati mwa kachisi.

Wageni wa ku Ndirande:
Za usiku, mayi, pitani ku Beijing Road, mutsike pa Gongyuanqian kapena pa Beijing Lu. Kumeneko kuli kachisi wa Dafo amene amamuyatsa magetsi kukada, ndiye mwapezera zonse pamodzi. Kwina ndi ku Shangxiajiu, kufupi ndi kachisi wa Hualin ndi msika wa miyala ya jade.

Nkhani yaikulu ndi malipiro. Ogulitsa ambiri amangokulozerani QR code. Ikani Alipay, pulogalamu yolipirira, pafoni muli konkuno, mulumikize khadi la Visa kapena Mastercard ndi pasipoti yanu, chifukwa nambala yotsimikizira imabwera pa SIM yakwanu. Pitaninso ku banki mukafunse ngati khadilo latsegulidwa kugwira ntchito kunja komanso malire ake a forex. Likakana muli pamzere, chakudya chili m'manja, mumasowa pogwira. Mukalipira zoposa 200 yuan kamodzi ndi khadi lakunja, amadula 3 peresenti. Sungani ma 10 ndi ma 20 yuan, chifukwa wa 100 ambiri sakhala ndi chenji chake.

Pa nsomba, nkhanu ndi zipatso, mtengo wolembedwa nthawi zambiri ndi wa jin imodzi, yomwe ndi magalamu 500, osati kilo. Auzeni ayeze kaye, alembe zonse pa calculator, kenako aphike.

Lawani cheung fun, mtanda wa ufa wa mpunga wophikidwa pa nthunzi, ndi zam'kati za ng'ombe zophika ndi radish. Sankhani pomwe pali mzere wa eni dera ndipo akuphika mukuona. Madzi a pampopi musamwe.

NaBanda wa ku Chilomoni:
Kuwonjezerapo: ngati simudya nkhumba, samalani, imalowa m'misuzi ndi m'madumpling osaoneka. Sungani chiganizo cha Chitchaina pafoni choti muzionetsa, kapena kadyereni ku Xiaobei, komwe malo a halal ndi ambiri. Google Maps ndi WhatsApp sizitseguka pa intaneti yakumeneko, choncho dzina la hotelo likhale pakhadi lolembedwa m'Chitchaina. Sitima yomaliza imasiyana malinga ndi njira, ina imatha cha m'ma 11 usiku. Ikakusiyani itanani takisi ya DiDi mu Alipay momwemo.