Utoto wanga wa dothi ukuyoyoka ndi kuchita chuku, ndikulakwitsa pati?

Wongomaliza kumene, Chikanda:
Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ndamaliza maphunziro a zojambula ku UNIMA ndipo ndikukonza zithunzi 12 zoti ndikaonetse anthu. Chidwi chake chinachokera ku zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, ndiye m'malo mwa penti wogula ndikugwiritsa ntchito katondo, dothi loyera ndi makala, zosakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa. Zikauma utoto ukuyoyoka, ndipo mvula itangoyamba zinayi zachita chuku.

Mphunzitsi wa zaluso:
Achemwali, chukucho mukuchidyetsa nokha ndi phalalo. Ufa ndi chakudya, ndiye ndi chinyezi cha Zomba chino chuku sichingalephere, mphemvu nazo zibwera. Lisiyeni, gulani guluu woyera wa matabwa uja wa PVA.

Dothinso likufunika kutsuka. Musatape lapamwamba chifukwa muli mizu ndi masamba owola. Kumbani lapansi, monga pamene msewu unadula chitunda. Lithireni mu ndowa ya madzi, vundulani kwambiri, dikirani mphindi imodzi kuti mchenga ukhale pansi. Madzi ofiira a pamwambawo tsanulirani mu ndowa ina kudzera pa kansalu, muwasiye usiku wonse. M'mawa khuthulani madzi oyera pang'onopang'ono, matope otsala pansiwo ndiye utoto wanu. Yanikani, sinjani, sefani. Mchenga ukatsalamo ndi umene umayamba kugwa chithunzi chikauma.

Posakaniza yambani ndi masupuni awiri a dothi lonyowetsa pa supuni imodzi ya guluu. Pakani pa kachidutswa, kakauma pukutani ndi nsalu yoyera. Ikatenga mtundu, guluu wachepa. Makala amamwa guluu wambiri kuposa katondo, muwayese paokha. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, chifukwa dothi lokhuthala limang'aluka likamauma.

Mmisiri wa matabwa, Matawale:
Aphunzitsi anena zoona, koma onaninso felemu. Matabwa a paini ongocheka kumene amakhala ndi madzi, amapindika ndipo amanyowetsa nsalu kumbuyo. Funsani ouma, mukawanyamula amapepuka. Pokhoma nsalu yambirani pakati pa mbali iliyonse kupita m'makona, apo ayi ikhala ndi makwinya. Pokoloweka ikani zitsekerero za mabotolo m'makona a kumbuyo kuti mpweya uzidutsa pakati pa chithunzi ndi khoma. Musazikulunge m'mapulasitiki nthawi ya dzinja ino.

Wojambula, Sadzi:
Nsaluyo mukuikonza musanajambule? Pakani guluu wosungunula, gawo limodzi pa magawo awiri a madzi, muisiye iume tsiku lathunthu. Kenako penti woyera wa m'nyumba wosungunulira madzi uja, kawiri, kupala pang'ono ndi sandipepa pakati pake. Popanda zimenezi nsalu imamwa guluu wa mu utoto, dothi n'kutsala lokha pamwamba.

Zinayi zachita chukuzo zitulutseni panja ziume kaye, ndipo musase ndi burashi yofewa youma mutavala chophimba kukamwa. Jik ayi, adya nsalu.

Mayi wa ku Dedza, wokhala ku Mpondabwino:
Ine langa si la guluu. Mwanawe, Chongoni si malo amodzi, ndi malo 127, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija amati ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa, zina zokhudza chinamwali cha atsikana, zina za nyau. Si zokongoletsa chabe ayi. Musanakopere chizindikiro, kafunseni anamkungwi kapena akuluakulu a kumeneko ngati n'choyenera kuchiika pakhoma pa anthu onse. Pitaninso ku Kungoni ku Mua, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone momwe amisiri a kumeneko amatengera za gule n'kupanga zawozawo.

Wongomaliza kumene, Chikanda:
Zikomo nonse, makamaka amayi, zofunsazo sindinaziganizire. Nanga dothi loyera likumada ndikathira guluu, nditani?

Mphunzitsi wa zaluso:
Guluu akachuluka dothi loyera limataya kuwala kwake. Chepetsani pang'ono, kapena donthezanimo penti woyera uja theka la supuni. Weruzani mtundu pakapita tsiku, osati ukadali wonyowa.