Wodwala chibayo cha Covid akayamba kubwebweta, tiyambire pati?

Namwino wa Usiku:

Anzanga a zachipatala, ndigawireni nzeru. Anthu ogonekedwa ndi chibayo cha Covid, makamaka achikulire, ena akatha masiku angapo m'wodi amayamba kubwebweta, kuzula diripi ndi kuvula masiki ya okosijeni. Ena amangoti phee osayankha. Palinso ochoka pa makina opumira miyendo ili lobodo. Kodi ndiye kuti kachilomboko kalowa mu ubongo? Nanga wongosokonezeka mutu tingamusiyanitse bwanji ndi wa sitiroko asanajambulidwe mutu?

Dokotala wa Ubongo:

Kulowa mu ubongo n'kwa apo ndi apo, asisi. Odwala otere tikawatapa madzi a pamsana n'kuwayeza, kawirikawiri kachilomboko sikapezekamo. Ubongo umavutika ndi zimene zikuyenda m'magazi: okosijeni wochepa, mchere wosokonekera, zoipa zimene impso ndi chiwindi zalephera kusefa, mankhwala athu omwe, ndiponso kutupa kwa thupi lonse pamene likulimbana ndi matendawa.

Ziwerengero zimasiyana malingana ndi zimene owerengawo anaphatikiza. Ku Wuhan mu 2020, mwa odwala 214, odwala 78 anali ndi vuto lokhudza ubongo kapena minyewa, koma kumeneko ankawerenga ngakhale mutu ndi chizungulire. Ku New York chaka chomwecho anangowerenga matenda otsimikiziridwa ndi akatswiri a ubongo, ndipo anapeza 606 mwa odwala 4,491. Vuto lotsogola linali kusokonezeka kochokera m'magazi komweku. Sitiroko inagwira anthu pafupifupi awiri pa 100 alionse.

Ndiye munthu akasintha mwadzidzidzi, yambani ndi zapafupi. Onani okosijeni, komanso tsatirani paipi kuchokera pamphuno mpaka pa silinda, chifukwa nthawi zina yangopindika kapena yachoka. Bayani chala muyeze shuga. Akatsika pansi pa 3.9 mmol/L ndi wochepa, ndipo wodwala amene sangathe kumeza mumupatse madzi a shuga otchedwa dextrose a 10%, pafupifupi 200 ml, kudzera mu mtsempha. Shuga wokwera kwambiri nayenso amasokoneza mutu, ndipo dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa amene timapereka 6 mg tsiku lililonse, amamukweza ngakhale mwa anthu amene sankadziwa kuti ali ndi matenda a shuga. Kenako sodiyamu, mchere wa m'magazi. Akakhala wotsika musamukweze mwachangu: asapitirire 8 mpaka 10 mmol/L pa maola 24, apo ayi muwononga tsinde la ubongo ndipo kuwonongeka kwake kumadzaonekera patapita masiku. Gwiraninso pachinena. Chikhodzodzo chodzaza kapena kudzimbidwa kumatha kubwebwetsa gogo usiku wonse.

Za sitiroko, miniti imodzi ikukwanirani. Muuzeni aonetse mano, akweze manja onse awiri kwa masekondi 10, abwereze chiganizo chachifupi. Wongosokonezeka amafooka mbali zonse mofanana, ndipo amakhala bwinoko nthawi ina n'kuipiranso nthawi ina, makamaka madzulo. Koma mukaona kamwa yapotokera mbali imodzi, dzanja limodzi likugwa, maso athawira mbali imodzi, kapena munthu ali maso bwinobwino koma mawu sakutuluka, imeneyo itengeni ngati sitiroko. Lembani nthawi yomaliza imene anaoneka ali bwino, osati imene mwamuzindikira, poti alteplase, mankhwala osungunula magazi oundana, amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka kuchokera pa nthawi imeneyo.

Wa ku ICU:

Ndiwonjezere ziwiri pa zimene a dokotala anena.

Kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni kaja musamakakhulupirire kotheratu. Kwa anthu a khungu lakuda kamatha kuonetsa nambala yokwererapo kuposa okosijeni weniweni wa m'magazi, ndipo zala zozizira kapena penti wa m'zikhadabo amakanamizanso. Kakamanena 92 koma munthu akupuma ka 35 pa miniti ndipo wabalalika, khulupirirani munthuyo. Palinso amene okosijeni ali bwino koma mpweya woipa waunjikana m'magazi, monga a matenda a m'mapapo okhalitsa. Amenewa amangowodzera, manja akunjenjemera mogwedera, ndipo kwa iwo timafuna nambala ikhale pakati pa 88 ndi 92.

Chachiwiri n'chimene chimandiwawa: jakisoni wa diazepam, mankhwala ogonetsa, kwa wodwala wovuta. Wodi imakhaladi bata, koma mwachepetsa kupuma kwa munthu amene mapapo ake ndi odwala kale, ndipo mawa adzuka wosokonezeka kuposa dzulo. Kafukufuku wa odwala 2,088 a m'ma ICU a mayiko 14 anapeza kuti pafupifupi 55 pa 100 alionse anasokonezeka mutu. Mankhwala a gulu la diazepam ndi midazolam ankawonjezera vutoli, pamene kuonana ndi achibale, ngakhale pafoni, kunkalichepetsa. Choncho mubwezereni magalasi ake, tsegulani makatani masana, zimitsani magetsi usiku, muuzeni dzina lanu ndi kumene ali nthawi iliyonse mukafika pabedi, chifukwa nkhope yobisika mu masiki imaopsa munthu wobalalika. Akafika podzivulaza, mupatseni haloperidol, mankhwala odekhetsa wobalalika, pang'ono chabe, 0.5 mpaka 1 mg kwa wachikulire, mutaona kaye ECG, chithunzi cha kagundidwe ka mtima, makamaka ngati akulandiranso mankhwala opha mabakiteriya a azithromycin, poti onse awiri amatalikitsa QT, nthawi imene mtima umatenga kugunda ndi kukonzekera kugundanso. Kupatula apa ndi munthu amene ankamwa mowa tsiku ndi tsiku ndipo wasiya mwadzidzidzi chifukwa chogonekedwa. Ameneyo diazepam ndiye mankhwala ake, pamodzi ndi thiamine, vitamini B1.

Ndipo wongoti phee uja ndi amene amaphonyedwa, chifukwa savutitsa aliyense. Muuzeni atchule miyezi ya pachaka chobwerera m'mbuyo kuyambira Disembala, muona pomwepo ngati wasokonezeka mutu.

Namwino wa Usiku:

Zikomo nonse. Nanga tikakayikira sitiroko, aspirin tingapereke nthawi yomweyo? Ambiri amakhala akubayidwa kale enoxaparin, mankhwala oletsa magazi kuundana.

Dokotala wa Ubongo:

Ayi, dikirani CT, kujambula mutu kuja. Covid imaundanitsa magazi, n'chifukwa chake timapereka enoxaparin 40 mg kamodzi patsiku, koma mankhwala omwewo amatha kuchititsa magazi kukha mu ubongo, makamaka impso zikafooka n'kumalephera kuwatulutsa. Ndi maso okha simungasiyanitse mtsempha wotsekeka ndi wophulika. Imitsani jakisoni wotsatira wa enoxaparin, lembani nthawi imene womaliza anabayidwa, ndipo asadye kapena kumwa kanthu mpaka mutayesa kamezedwe kake. Kutsamwa kumawonjezera chibayo china pamwamba pa chimene chilipo. CT ikaonetsa kuti palibe magazi ndipo sakulandira alteplase, ndiye aspirin 300 mg. BP musaigwetse chifukwa cha mantha. Pa sitiroko ya kutsekeka timaisiya mpaka 220/120, koma ngati alandire alteplase iyenera kutsika pansi pa 185/110.

Mutu wopweteka mosalekeza pamodzi ndi kusanza kapena kuphupha ngati wa khunyu, ganizirani magazi oundana m'mitsempha yotulutsa magazi mu ubongo. CT wamba amatha kuoneka bwinobwino, pamafunika kujambula mitsemphayo payokha. Posankha mankhwala oletsa kukomoka, phenytoin ndi carbamazepine amafulumizitsa chiwindi kuphwanya dexamethasone, ndipo saphatikizidwa ndi Paxlovid, mankhwala olimbana ndi kachilombo ka Covid. Levetiracetam alibe mavuto amenewo, bola muchepetse mlingo impso zikakhala zofooka.

Wa Fiziyo:

Za miyendo ya lobodo zija pali mitundu itatu, ndipo anthu amaisakaniza. Wochoka pa makina patatha masabata amafooka mbali zonse, makamaka ntchafu ndi mapewa, nkhope ili bwino. Zimachokera ku kugona nthawi yaitali, kudwala kwakukulu, shuga wokwera ndi mankhwala ofooketsa minofu. Mankhwala ake ndi kumukhazika m'mphepete mwa bedi msanga, ngakhale akadali pa okosijeni.

Wina dzanja limodzi lokha ndilo lafa, kapena phazi limodzi likukwakwaza pansi. Kawirikawiri ndi zotsatira za kugonekedwa chafufumimba maola 16 patsiku. Mnyewa wa pachigongono kapena wa kunja kwa bondo unapanikizika, kapena phewa linakokeka. Dzanja lokwezedwa lisapitirire mzere wa phewa, chigongono chikhale pa chofewa, ndipo manja ndi mutu zisinthidwe pa maola awiri kapena anayi alionse.

Wachitatu ndiye woopsa, Guillain-Barré, matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira minyewa. Amayamba ndi dzanzi kumapazi patapita masiku kapena masabata angapo, kufooka n'kumakwera, ndipo mukagogoda pabondo mwendo sudumpha. Okosijeni wa pachala amakhala bwino mpaka mochedwa, ndiye yezani mpweya wonse umene angatulutse atakoka kamodzi: ukatsika pansi pa 20 ml pa kilogalamu, apite ku ICU. Popanda chipangizo, akoke mpweya kamodzi n'kuwerenga mokweza. Akalephera kufika 20, kapena akakanika kudzutsa mutu pa pilo, itanani dokotala. Dexamethasone sathandiza pa matenda amenewa. Amafunika IVIG, mapuloteni achitetezo operekedwa mu mtsempha, 0.4 g pa kilogalamu tsiku lililonse kwa masiku asanu, kapena kusefa madzi a m'magazi.