Tiwoloke pa boti ku Bangula kapena tizungulire ku Thabwa?

Abale anga a ku Chigwa cha Shire, tithandizeni nzeru. Ndife amayi a mpingo wa Katolika ochokera ku Nsanje, tili pa ulendo wa mapemphero wopita ku parishi ya Fatima ku Muona. Minibasi yathu yafera pa Bangula. Akhristu akuno atilandira bwino zedi, atipatsa pogona komanso nsima ya mlamba, ndipo usiku tinapemphera kolona limodzi.

Nkhawa yathu ndi agogo awiri amene amaopa madzi. Kodi maboti a pa Mtayamoyo opita ku Makhanga akuyenda bwino sabata ino? Nanga kuchokera tsidyalo, kabaza amafika mpaka ku Fatima? Kuzungulira pa mlatho wa Kamuzu n'kutali, ndipo ndalama zatichepera.