Ndabwera kudzathokoza: za ngongole ndi kusowa ntchito kuja

Miyezi ingapo yapitayo ndinafunsa zoyenera kuchita popeza ndinamaliza maphunziro ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) koma ntchito sinkapezeka, pomwe ndinali ndi ngongole ziwiri: ya boma yolipirira sukulu, ndi ya katapila yomwe ndinatenga kuti ndilipire lendi ku Chiputula. Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha, makamaka inu mayi amene munati ndisiyanitse ngongolezi m'malo moziopa zonse pamodzi.

Malangizo amenewo ndiwo ndinatsatira. Ngongole ya boma ija, ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, imayamba kubwezedwa pakatha zaka ziwiri munthu atamaliza maphunziro, choncho ndinalimbana kaye ndi katapila, amene chiwongoladzanja chake chinkakwera mwezi ndi mwezi. Ndinapita kwa mwini ndalamayo limodzi ndi amalume anga, tinakhala pakhonde pake, ndipo titakambirana kwa nthawi yaitali tinalemberana m'kope kuti chiwongoladzanja chiime, ine ndizibweza pang'onopang'ono. Ndamaliza kubweza mwezi wathawu.

Ntchito ya muofesi sindinaipezebe, ngakhale makalata ndikutumizabe. Panopa ndimaoda mpunga wa Kilombero ku Karonga n'kumagulitsa ku Luwinga, ndipo madzulo ndimaphunzitsa masamu ana a Fomu 4. Phindu lake ndi lochepa, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yonyamulira matumba imadya gawo lalikulu, komabe lendi ndikulipira ndekha.

Amene muli m'vuto ngati langali, musapite nokha kokakambirana ndi wa katapila, ndipo chiphaso chaunzika kapena khadi la kubanki musamusiyire ngati chikole.