Hatchi ikutha udzu msanga kwambiri, ndiichedwetse bwanji?

Wa ku Dedza, Kyalami

Abale amene mumagwira ntchito ya mahatchi kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Pa pulazi imene ndimagwira pali hatchi yaikazi yofiirira imene ikundisowetsa mtendere. Madzulo ndikaiikira udzu wouma wa teff pansi pakona ya khola, ndikangopita kukathira madzi kwa zinzake n'kubwerako, ndimapeza yaseseratu. Imaluma udzu wodzaza kukamwa, kutafuna pang'ono chabe, n'kumeza. Ndiye usiku wonse imangokhala chilili, mpaka yayamba kukukuta thabwa la chitseko. M'mawa ndimaipeza ikupalasa pansi ndi mwendo, makutu itagoneka kumbuyo. Imandimvetsa chisoni.

Kuwonjezera udzu sindingathe, ndi yonenepa kale ndipo dokotala wa ziweto analetsa. Neti yoikamo udzu yopachika m'mwamba eni ake anakana chifukwa imatsokomola ikamadya itatukula mutu, akufuna izidyera pansi. Kunja nako msipu wonse wapsa ndi chisanu cha June. Ili ndi nsapato zachitsulo miyendo yakutsogolo. Ndipange bwanji kuti udzu womwewo izifika nawo mbandakucha?

Madala a ku Ntcheu, Midrand

Achimwene, nkhawa yanuyo ndi yoona, ngakhale ambiri amangoti ndi dyera. Hatchi sibzikula ngati ng'ombe. Chifu chake ndi chaching'ono, malita 8 mpaka 15 basi, koma chimatulutsa asidi usana ndi usiku, yadya kapena sinadye. Malovu amene amachepetsa ukali wa asidiyo amatuluka ikamatafuna. Kutchire imadya pang'onopang'ono maola pafupifupi 16 pa tsiku. Ndiye ikamakhala maola opitirira 4 m'mimba mulibe kanthu, usiku ndi usiku, mapeto ake ndi zilonda za m'mimba, pena colic, kupweteka koopsa kwa m'mimba.

Chimene ine ndimachita ndi ichi. Pezani neti ya mabowo ang'onoang'ono, a masentimita 4, mudzatsike pa 3 ikazolowera. Koma chonde, popeza ili ndi nsapato, netiyo musangoiponya pansi. Ulusi umalowa pakati pa chitsulo ndi chiboda kumbuyoku, hatchi ikadzidzimuka imakoka ndi mphamvu zonse, nsapato n'kuzuka pamodzi ndi chidutswa cha chiboda, kapena kugwa kumene. Tengani mgolo wa pulasitiki wabuluu uja wa malita 200, umene munali zakudya osati mankhwala, muudule pakati, m'mphepetemo mupale ndi tupa pasakhale pocheka milomo. Pansi boolani mabowo awiri, mulowetse chingwe chachifupi chogwira netiyo kuti isatuluke, ndipo chingwe chotsekera neti chikhale kunsi kwa udzu. Mabowowo amatulutsanso madzi ndi fumbi. Mgolowo muumangirire kukhoma, apo ayi muupeza pakati pa khola utagubuduka.

Masiku oyamba muziisiyira udzu pang'ono pambali. Ikapeza zonse zili m'neti ili ndi njala imapsa mtima, n'kuyamba kumenya mgolo.

Mayi a ku Zomba, Chartwell

Zimene anena madalawa ndikugwirizana nazo, koma ndifunse kaye: udzuwo mumayeza? Maso amanyenga, zigawo za belo sizilemera mofanana. Gulani kasikelo kopachika kaja timayezera zikwama popita kumudzi. Hatchi imafunika udzu wouma wokwana 1.5 mpaka 2 peresenti ya kulemera kwa thupi lake pa tsiku, ndiye ya makilogalamu 500 isamalandire wochepera 7.5, ngakhale inenepe bwanji. Mwina yanuyo ikumeza chonchi chifukwa ikuperewedwadi.

Mukayeza, gawani. Wambiri ukhale wa usiku, chifukwa usiku ndiye wautali. Ngati mumagona pa pulazi pomwepo, kagawo kotsiriza kaikeni mukamapita kogona, osati 5 koloko pamodzi ndi chakudya chamadzulo. Ine ndimasakanizanso teff ndi udzu wina wotchedwa eragrostis, wokhwimirapo, ndimazifwafwaza bwinobwino ndi manja zisanalowe m'neti. Imataya nthawi kusankha wofewa, wina uja n'kudzadya usiku njala ikabwerera. Lucerne, msipu wa mtundu wa nyemba uja, musaikemo wambiri, amakoma kwambiri ndipo amanenepetsa.

Za chifuwazo, udzu muziunyika m'madzi musanaupereke. Fumbi limagona, ndipo mukaunyika mphindi 30 mpaka 60 shuga wina amatsalira m'madzimo, zomwe zithandize thupi lakelo. Madziwo mutaye, isamwe.

Ena adzakuuzani zoika sefa yachitsulo pamwamba pa udzu. Ine ayi. Ndinaonapo hatchi mano akutsogolo atakulukutika, nkhama zili magazi.

Mnyamata wa ku Mangochi, Randjesfontein

Akulu, mano anaiona liti? Mano a hatchi amasongoka m'mbali n'kumacheka masaya, ndiye ina imameza msanga pothawa ululu. Wa mano azibwera chaka chilichonse. Mukamapeza timipukutu ta udzu wonyowa italavula pansi, vuto ndi lomwelo.

Masana kunja mungoumwaza timilu tambirimbiri motalikirana kuti iziyenda, koma osati pa mchenga. Mchenga umaunjikana m'matumbo. Yalani mphira wa m'khola uja.

Komanso hatchi sisanza. Tsiku lina mukadzaona zakudya ndi malovu zikutulukira m'mphuno, khosi italitambasula, yatsamwa. Chotsani chakudya ndi madzi, muimbire dokotala, musaithire kanthu kukamwa.

Wa ku Dedza, Kyalami

Zikomo kwambiri nonse. Mgolo ulipo kuseri kwa sitolo ya zakudya, munali molasses, madzi okhuthala a nzimbe aja, ndautsuka kale. Za sikelo ndi za mano ndawauza eni ake, avomera kuitana wa mano sabata yamawa. Madala, funso limodzi: mgolo wodula pakatiwo ukundionekera waufupi, hatchiyi imakonda kupalasa ndipo ndikuopa ilowetsamo mwendo. Ndingaudule chapamwamba?

Madala a ku Ntcheu, Midrand

Dulani chapamwamba ndithu, ufike cha m'maondo mwake kapena kupitirira pang'ono, bola pakamwa pazifika pansi khosi lisakutsamira m'mphepete. Usiku woyamba mukaisuzumire musanagone, muone mmene ikuchitira ndi mwendowo. Ikamakwezabe mpaka kulowetsamo, neti ichokemo, tiganize zina.