Ndiwaphunzitse bwanji ana a pa yunivesite kuikira kumbuyo anzawo osalidwa?

A admin ndibiseni dzina chonde. Ine ndili kuno ku Joni, ndikupanga masters komanso ndine tutor ku hostel ya ma first year. A warden andiuza kuti mwezi wa mawa ndichititse ka session kophunzitsa ana kuima ndi anzawo amene amasalidwa chifukwa cha khungu, ati zisadzatigwere za ku yunivesite ya Stellenbosch mu 2022 zija, mwana wachizungu anakodzera laputopu ndi mabuku a mnzake wakuda mpaka nkhani inakathera ku komishoni yofufuza za tsankho ya a jaji Khampepe.

Chaka chatha anachititsa mnzanga ine ndilipo. Anaonetsa ma slide a Rhodes Must Fall, chiboliboli cha mtsamunda Cecil Rhodes chija chikuchotsedwa ku yunivesite ya Cape Town (UCT) mu April 2015, ndiye ana achizungu onse maso pansi, mtsikana wina mpaka kulira, basi ola lonse linathera pomutonthoza iyeyo akudawo atangopinda manja kumbuyo kwa holo. Mawa lake ku dining matebulo osiyana ngati kale.

Koma chikundisowetsa tulo ndi china. Sabata yathayi ku kitchen mnyamata wakuda wakonkuno, yemwe amakuwa kwambiri za tsankho pa ma meeting, anauza kamnyamata ka ku Zimbabwe kuti kwerekwere choka pa stove (kwerekwere ndi dzina lonyozera alendo ochokera maiko ena a mu Africa). Panali ana ngati 6, azungu awiri, onse zii, wina akungotakasa ma noodles ake. Ine ndemwe kukamwa yasa, poti kwerekwereyo ndi ine yemwe, 2008 ija kunafa anthu 62 pa ziwawa zothamangitsa alendo, achimwene anga anabwerera kumudzi pa basi ya boma ndi kachikwama kamodzi.

Ndiye nkhani ya alendoyi ndiyikemo, kapena anena kuti ndikuthawitsa nkhani ya apartheid? Nanga mwana wa zaka 18 mumamuphunzitsa bwanji kutsegula pakamwa pompopompo?

Mayankho

— Ma slide asiyeni achimwene. Apangitseni sewero la ku kitchen lomwelo, aliyense ayeserere chomwe anganene, ngakhale kungoti "asa, usatero". Ambiri sikuti ndi oipa mtima, amangosowa mawu.

— Iyikenimo koma musaime nokha kutsogolo, pezani tutor wakonkuko ayiyambitse iyeyo. Mukayamba inu ati mukudziteteza.

— Kamnyamata ka ku Zimbabwe kaja munakafunsa kuti kali bwanji?

— Eeh ayi sindinakafunse, ndipita ku room kwake madzulo ano.